Nyanja ya Chilwa Idzaphwanso: Kodi Akuyeza Madzi Ake Ndani?

Nyanja ya Chilwa idaphwa m'chaka cha 1968. Idaphwanso m'chaka cha 1995, anthu n'kumayenda pouma m'malo momwe kale ankapalasamo bwato. M'chaka cha 2012 madzi ake adachepa koopsa, ndipo pofika kumapeto kwa 2018 mbali yaikulu ya nyanjayi idali itasanduka dothi long'aluka, mabwato ali mbwee pamtunda ngati zikuni. Kenaka kudabwera chimvula cha namondwe wa Idai m'mwezi wa Malichi 2019, madzi n'kubwerera. Ndipo namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023, dandaulo la anthu a m'mbali mwa nyanjayi lidasintha, pakuti tsopano madzi adachuluka mpaka kulowa m'minda ndi m'midzi. Chifukwa cha ichi nkhani ya kuphwa kwa Chilwa idazilala m'makutu mwathu. Komatu aliyense amene adatsatirapo mbiri ya nyanjayi akudziwa kuti tsiku lina idzaphwanso.

Makolo athu adati chakudza sichiyimba ng'oma. Pa nkhani ya Chilwa mwambiwu sugwira kwenikweni, chifukwa kuphwa kwa nyanjayi kumayimba ng'oma kwa chaka chathunthu, mwinanso ziwiri, kusanafike. Chovuta n'chakuti ng'omayo amaimva ndi yekhayo amene akuyeza mvula ndi madzi tsiku ndi tsiku nalemba m'buku. Ntchito imeneyi ndi ya boma. Ndi ntchito yopanda mwambo wodula riboni, yopanda amayi ovina, yopanda chikwangwani cholembedwa dzina la nduna; ndipo mwina n'chifukwa chake imakhala yoyamba kuiwalika pamene ndalama zikugawidwa.

Kuti timvetse bwino, tiyambe taona kapangidwe ka nyanjayi. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno, ndipo imakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, pamene chakum'mawa kwake kuli dziko la Mozambique. Tingaifanizire ndi chimbale chachikulu chosazama, pakuti m'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita 2 kapena 3. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathiramo madzi ochokera kumapiri a Zomba ndi Mulanje komanso kumtunda kwa Chiradzulu, ndipo mtsinje wa Mnembo umabweretsa ochokera ku Mozambique. Koma palibe mtsinje ngakhale umodzi umene umatulutsa madzi m'nyanjayi. Mchenga wautali umene uli kumpoto, pamene padadutsa njanji yopita ku Nayuchi, udailekanitsa ndi nyanja ya Chiuta kalekale. Motero madzi a Chilwa ali ndi khomo limodzi lokha lotulukira, ndilo dzuwa ndi mphepo, zimene zimamwa madzi oposa mita imodzi chaka chilichonse. Ndicho chifukwa chake madzi ake ali amchere: madzi amapita, mchere umatsala.

Nyanja yotere sivuta kuiwerengera. Mukadziwa madzi amene alowa ndi amene dzuwa lamwa, mwadziwa kumene nyanja ikulowera. Masamu ake ndi ofanana ndi a nkhokwe ya chimanga: mayi aliyense wapakhomo amadziwa pofika mwezi wa Ogasiti ngati chimanga chake chidzafike mu Febuluwale. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhokwe iyi imadyetsa anthu ochuluka zedi. Cha m'ma 2010 ankawerenga kuti m'chigwa cha Chilwa muli anthu pafupifupi 1.5 miliyoni, ndipo lero achuluka kuposa apo. M'zaka zabwino zapitazo nyanjayi inkapereka gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse zophedwa m'dziko muno. Matemba amene mayi wa ku Ndirande kapena ku Chinamwali amagula pamulu, ndiwo yotsika mtengo imene imapulumutsa mabanja osauka, ambiri mwa iwo kwawo ndi ku Chilwa.

Zambiri zimene tikudziwa za nyanjayi zidachokera ku kafukufuku mmodzi wa nthawi yaitali. Yunivesite ya Malawi itangobadwa kumene, akatswiri ake adayamba kuyeza ndi kufufuza Chilwa kuyambira 1966, ndipo adapitiriza kwa zaka pafupifupi 10. Adachita mwayi umene ofufuza sauona kawirikawiri: adayamba nyanja ili ndi madzi, adaiona ikuchepa, adaiona itaphwa mu 1968, adaiona ikudzazanso mu 1969, ndipo adatsatira kubwerera kwa nsomba chaka ndi chaka. Zotsatira zake zidatuluka mu 1979 m'buku limene adalisonkhanitsa ndi mayi Margaret Kalk pamodzi ndi anzawo awiri, ndipo mpaka lero aliyense wofuna kulemba za Chilwa amayambira pamenepo.

Adapeza chiyani? Adaona kuti madzi akamachepa mchere umakwera, matope amavunduka ndi mphepo, ndipo mpweya umene nsomba zimapuma m'madzi umaperewera. Makumba ndi matemba amafa ambirimbiri, ndipo otsala amathawira kumathiriro a mitsinje ndi m'madambo a njedza, kumene madzi amakhalabe ozizira ndi opanda mchere wambiri. Mlamba umapirira kuposa zinzake chifukwa umatha kupuma mpweya wapamtunda, koma nawonso umafuna pobisala. Adaonanso chinthu chodabwitsa, chakuti m'dothi louma lija mumatsala timazira ta tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, timene timagona kudikira mvula. Madzi akabwerera timaswa, udzu umene udamera pouma umaola n'kusanduka chakudya, ndipo nsomba zimene zidabisala m'maiwe a m'mitsinje zimatsikira m'nyanja yodzala ndi chakudya, n'kuswana mofulumira. Pakatha zaka 2 kapena 3 asodzi amayambanso kudzaza mabwato. Tanthauzo lake ndi lalikulu. Kuphwa si imfa ya Chilwa, malinga ngati mbewu ya nsomba yasungika m'maiwe a Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina. Iwe laling'ono lobisika m'bango, limene mwana angalidumphe, m'chaka cha chilala limakhala nkhokwe ya mbewu ya nyanja yonse.

Nzeru imeneyi sidathere m'mabuku. Nyanja itaphwa mu 1995, nthambi ya boma yoona za nsomba idakhala pansi ndi mafumu a m'chigwamo, ndipo adagwirizana zoteteza maiwe a m'mitsinje: kuletsa kukokamo makoka ndi kuthiramo katupe, mankhwala aja a kutchire amene amapha nsomba zonse, zazikulu ndi ana omwe. Makomiti a m'midzi adakhazikitsidwa kuti alondere. Idali nthawi ya njala, ndipo kuuza munthu wanjala kuti asiye nsomba imene akuiona ndi maso si chinthu chapafupi. Koma panali chifukwa chomveka choti anthu auzidwe, chochokera ku zimene zidayezedwa zaka pafupifupi 30 m'mbuyomo. Madzi atabwerera, nsomba zidabwereranso. Apa ndi pamene tikuonera phindu la kafukufuku wa zachilengedwe: amene adayeza mu 1968 adadyetsa ana amene adabadwa iwo atachoka kale m'dziko muno.

Mu 2012 akatswiri a ku Chancellor College, imene lero ndiyo Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi Pulofesa Sosten Chiotha, adachenjeza dziko potengera chizindikiro chosavuta kumva. Adati mbiri ikuonetsa kuti mvula ya m'chigwachi ikalephera kufika mamilimita 1,000 kwa zaka ziwiri zotsatizana, nyanja imakhala pachiopsezo chakuphwa. Taonani kuphweka kwake. Chenjezo lotere silifuna ndege kapena makina odula. Limafuna zipangizo zoyezera mvula zomwazikana bwino m'chigwa chonse, matabwa olembedwa manambala oimikidwa m'mitsinje ndi padoko ngati la Kachulu, munthu wokhulupirika woti awerenge m'mawa uliwonse, buku, cholembera, ndi ofesi imene ilandire manambalawo, iwasunge, ndi kuwamasulira.

Maofesi oterewa alipo, ndipo ngochuluka ndithu. Mvula imayezedwa ndi nthambi yoona za nyengo. Madzi a m'mitsinje ndi m'nyanja ali m'manja mwa nthambi yoona za madzi pamodzi ndi bungwe la National Water Resources Authority, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013. Nthambi yoona za nsomba ili ndi alangizi amene amayenera kulemba kuchuluka kwa nsomba zofika padoko ndi kuwerenga mabwato, makoka ndi matchera chaka ndi chaka. Ku Zomba komweko kuli likulu la kafukufuku wa nkhalango la Forestry Research Institute of Malawi, ndipo ku Domasi kuli malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba. Pamwamba pa onsewa pali bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, lobadwa ndi lamulo la 2017. Dziko la Malawi litalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 1997, Chilwa ndiyo idali malo oyamba kulembedwa. Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaiikanso pamndandanda wa malo ofunika kusamalidwa. Malamulo ndi mapangano sitikusowa. Akatswiri odziwa ntchito yawo, ana a m'dziko momwe muno, nawonso sitikusowa.

Chimene chimasowa ndi kupitiriza. Malipoti a boma lenilenilo komanso a mabungwe olithandiza akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti malo ambiri oyezera madzi m'mitsinje ya m'dziko muno adaleka kugwira ntchito. Pena thabwa lidakokoloka ndi madzi osefukira ndipo silidabwezeretsedwe. Pena zipangizo zidabedwa. Pena munthu wa m'mudzi amene ankawerenga adagwa mphwayi chifukwa kangachepe kamene amayenera kulandira kadaleka kubwera. Ndipo tikayang'ana mbiri ya ntchito zazikulu zofufuza Chilwa, tiona kuti pafupifupi zonse zidayenda ndi ndalama za alendo. Dziko la Denmark lidathandiza ntchito yokonza ndondomeko yosamalira dambo la Chilwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, koma mu 2002 lidasiya kuthandiza Malawi. Dziko la Norway lidathandiza pulogalamu ya chigwa cha Chilwa imene idayamba mu 2010, ndipo idatha nthawi yake itakwana. Dziko la America lidathandiza pulojekiti ya nsomba ya FISH kuyambira 2014 mpaka 2019. Mu 2025 boma la America lidatsekeratu bungwe lake la USAID, ndipo ngakhale ntchito yochenjeza za njala ya FEWS NET, imene maiko ambiri a mu Africa amadalira, idaima kwa miyezi ingapo chaka chomwecho.

Sitikunyoza thandizo limeneli. Lidachita zambiri, ndipo zipangizo zamakono zoyezera nyengo zimene zaikidwa m'maboma ambiri kuyambira 2017 zidabweranso mwa njira yomweyo. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pulojekiti imakhala zaka 5, pamene Chilwa imatenga zaka 20 kapena kuposerapo kuti ionetse khalidwe lake lonse. Ndipo pali chinthu chimodzi chokhudza manambala a chilengedwe chimene okonza bajeti sachimvetsa msanga. Msewu ukasiyidwa chaka chino, ungathe kumangidwa chaka chamawa. Koma madzi a Likangala a pa 10 Febuluwale chaka chatha, ngati palibe adawayeza tsiku lomwelo, palibe ndalama padziko lapansi imene ingawayezenso. Tsamba losalembedwalo lidzakhala loyera mpaka kalekale. Galimoto imodzi ya akuluakulu a boma ingathe kulipira owerenga matabwa a m'chigwa chonse kwa zaka zambiri, ndipo tikuganiza kuti aphungu athu akudziwa zimenezi.

Kuti boma limatha kuyeza mosadukiza likafuna, umboni wake ndi nyanja ya Malawi. Msinkhu wa madzi a nyanjayi wakhala ukulembedwa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ndi mabuku amenewo amene amatikumbutsa kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi adatsika kwambiri moti mtsinje wa Shire udaleka kutuluka m'nyanja. Chifukwa chodziwa zimenezi, mu 1965 adamanga chotchingira madzi cha Kamuzu Barrage ku Liwonde. Lero madzi a nyanja ya Malawi amatsatidwa mwachidwi. Atatsika mu 2016 ndi 2017 dziko lonse lidadziwa chifukwa magetsi ankazimazima, ndipo atakwera mu 2024 n'kumiza nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja, zikalata zofotokoza msinkhu wa madzi zinkatuluka pafupipafupi. N'zoyenera kutero. Koma tisadzinamize za chifukwa chake: pa Shire pali magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pali minda ya nzimbe, pali mipope ya mzinda wa Blantyre. Pa Chilwa pali msodzi wa miono, mayi wowamba nsomba, mlimi wa mpunga ndi mnyamata wotchera mbalame. Nyanja imodzi ikatsika kumada ku Capital Hill; inzake ikatsika kumada m'mphika wa ku Chisi.

Kusowa kwa manambala kumabalanso chinthu china chimene chiyenera kutidetsa nkhawa ife amene timakhala ndi anthu m'midzi, ndicho kulozana zala. Nyanja ikayamba kuchepa aliyense amakhala ndi womunena. Asodzi amanena alimi a mpunga a m'masikimu a Domasi ndi Likangala kuti akutchinga madzi. Alimi amanena ootcha makala a m'mapiri a Zomba, Malosa ndi Chikala. Ena amanena mzinda wa Zomba ndi damu la Mulunguzi. Ena amangoti ndi kusintha kwa nyengo, ngati kuti mawu amenewa atseka mlandu. M'zonsezi muli choonadi china. Mitengo yathadi m'mapiri, ndipo phiri lopanda mitengo limataya madzi onse nthawi imodzi m'dzinja, mitsinje n'kuuma msanga m'chilimwe, kwinaku dothi likukokolokera m'nyanja ndi kuikwirira. Anthu achulukadi, ndipo amatunga madzi ambiri kuposa kale. Koma nyanjayi inkaphwanso kale, mapiri ali obiriwira ndipo masikimu asanakumbidwe. Apaulendo ndi olemba mbiri adalemba za kuchepa kwake kuyambira zaka za m'ma 1800. Tsono gawo la mvula ndi lotani, gawo la mitengo ndi lotani, gawo la ulimi wothirira ndi lotani? Woweruza mlandu umenewu ndi thabwa loimikidwa kumtunda kwa sikimu ndi lina kunsi kwake, lowerengedwa kwa zaka zambiri. Popanda limeneli, wopambana amakhala wa mawu okwera, ndipo chilango chimagwera wosauka amene alibe womuyankhulira.

N'chimodzimodzi ndi lamulo lotseka nyanja. Chaka chilichonse m'miyezi ya dzinja makoka amaletsedwa pa Chilwa kuti nsomba ziswane, ndipo lamuloli ndi labwino. Koma nyanja imene kukula kwake kumasintha chotere singayendetsedwe ndi kalendala yokha. Chaka chimene madzi achuluka ndi chaka chimene atsala pang'ono kutha sizingafanane malamulo. M'chaka cha chilala malo oyenera kulonderedwa kwambiri ndi mathiriro ndi maiwe a mitsinje, kutali ndi madoko kumene alonda amakonda kuima. Msodzi amamvera lamulo limene akuona chifukwa chake. Akangoona kuti amene akumulanda khoka sadziwa ngakhale kuchuluka kwa nsomba zimene zidafika padoko mwezi watha, amayamba kuona lamulo ngati chiphuphu chovala yunifolomu. Ndipo tisaiwale mbalame. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adapeza kuti mbalame zoposa 1 miliyoni zinkagwidwa m'dambo la Chilwa pachaka, ndipo n'zodziwika kuti nsomba zikasowa anthu amatembenukira kwa mbalamezo, zina mwa izo zochokera kutali ku Ulaya ndi ku Asia. Chilala cha m'madzi chimakhala tsoka la zouluka.

Alipo amene amati masiku ano zonsezi n'zachikale, popeza makina a m'mlengalenga aja otchedwa setilaiti amajambula nyanja masiku onse, ndipo katswiri ali ku Lilongwe kapena ku London angathe kuona pakompyuta momwe madzi akuchepera. N'zoona, ndipo zithunzi zimenezi zathandiza kwambiri kuonetsa kukula kwa nyanja ndi kutha kwa nkhalango. Koma chithunzi sichilawa madzi. Sichingakuuzeni kuti mchere wafika pati, kuti matemba a chaka chino ndi aang'ono kuposa a chaka chatha, kapena kuti khoka lasokedwa ndi neti ya udzudzu. Ndiponso akatswiri a zithunzi amafunabe manambala a pansi kuti atsimikize zimene akuona kumwamba.

Makamaka chithunzi sichiona kolera. Asodzi ambiri a pa Chilwa amakhala miyezi yathunthu m'zimbowera, tinyumba toyandama tomangidwa pa udzu pakati pa nyanja, ndipo madzi amene amamwa ndi omwewo amene amadzithandiziramo. Chigwa cha Chilwa chakhala chisa cha kolera kwa zaka zambiri. Mliri udabuka kumeneko kumapeto kwa 2015, ndipo mu 2016 unduna wa zaumoyo ndi mabungwe ouuthandiza adachita kulondola asodziwo pamadzi pomwepo ndi katemera wakumwa. Mliri waukulu wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udayambira m'boma la Machinga. Madzi akamachepa anthu amaunjikana m'malo ochepa otsala, zonyansa nazo zimaunjikana. Choncho munthu woyeza madzi pa Kachulu akugwira ntchito ya chipatala, ngakhale sadavale zoyera. Manambala ake akafika msanga kwa akuluakulu a zaumoyo a Zomba, Machinga ndi Phalombe, mankhwala othira m'madzi ndi katemera zingathe kufika odwala asanayambe kugona pansi m'mahema.

Apa tafika pa theka lachiwiri la vutoli. Kuyeza n'kumodzi, kuuza anthu n'kwina. Namondwe wa Freddy adatiphunzitsa zimenezi mowawa. Nthambi yoona za nyengo idachenjeza masiku angapo namondweyo asanafike, ndipo tiyenera kuiyamikira. Komabe anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ambiri mwa iwo ndi matope ndi miyala yotsika m'mapiri ku Blantyre, Mulanje, Chiradzulu ndi Phalombe, ndipo oposa 600,000 adasowa pokhala. Chenjezo loti kugwa mvula yambiri lidamveka, koma munthu wokhala m'tsinde mwa phiri sadauzidwe momveka kuti phiri lake lomwelo ndilo lingatsike, ndi kuti athawire kuti. Chikhalirecho napolo si mlendo kuno: adatsika ku Zomba mu 1946, adatsikanso paphiri la Michesi ku Phalombe mu 1991 n'kupha anthu mazanamazana.

Kuphwa kwa nyanja sikupha usiku umodzi ngati napolo, koma kumasaukitsa mwakachetechete. Taganizani za bambo amene akutenga ngongole ya katapira mu Meyi kuti agule khoka latsopano, pamene buku la muofesi likuonetsa kale kuti madzi a chaka chimenecho sadafike pamene amafika nthawi zonse. Taganizani za gulu la amayi a banki m'khonde amene aika ndalama zawo zonse pa geni ya matemba, kapena mlimi amene wafesa mpunga wa m'chilimwe kunsi kwa mtsinje umene uume mu Seputembala. Anthu amenewa si opusa. Akadauzidwa mu Epulo, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilomwe, kuti nyanja yatseka dzinja ili pamsinkhu wakutiwakuti ndipo zaka zimene idatero kale zidatha motere, akadasankha okha chochita. Koma zotsatira za kafukufuku zimatuluka m'Chingerezi, m'mabuku okhuthala ndi m'misonkhano ya m'mahotela, ndipo mwini nyanja amamva pomaliza. Wailesi za m'madera zilipo. Mafoni ali m'matumba a asodzi ambiri. Chikalata cha tsamba limodzi chotuluka kawiri pachaka, kumapeto kwa dzinja ndi kumayambiriro kwa Okutobala, sichingagwetse bajeti ya dziko.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a Mpingo pa mfundo imodzi yoonekeratu. M'kalata yawo ya Laudato Si' ya mu 2015, pandime 42, malemu Papa Francis adapempha kuti maiko aike chuma chochuluka pa kafukufuku wofuna kumvetsa momwe zolengedwa za pamalo amodzi zimadalirana, ndi kuti dera lililonse liwerenge mosamala zamoyo zimene lili nazo kuti lizitha kuziteteza. Ambiri aife tidamva kalatayi ngati yonena za kubzala mitengo basi, ndipo mitengo tabzaladi, ngakhale kuti ndi ochepa amene amabwerera kukawerenga imene idapulumuka. Koma kalatayi ikunenanso za buku ndi cholembera.

Ndipo pa ichi parishi ili ndi mphatso imene pulojekiti ilibe: sisamuka. Kale mamishoni, pamodzi ndi minda ya tiyi ndi fodya, adali ena mwa malo oyamba kusunga mabuku a mvula m'dziko muno. Palibe choletsa kuti parishi kapena sukulu ya Mpingo ya m'chigwa cha Chilwa ipemphe a nthambi yoona za nyengo kuti adzaimike chipangizo choyezera mvula pabwalo pake, aphunzitse munthu kawerengedwe koyenera, ndipo manambalawo azitumizidwa kuboma. Akatekisiti, amene amayenda m'matchalitchi ang'onoang'ono kumene galimoto ya boma sifika m'dzinja, angathe kunyamula chenjezo la akatswiri n'kuliwerenga pa zolengeza za Lamulungu ndi m'miphakati, monga momwe timachitira ndi uthenga wa katemera. Izi sizikutanthauza kuti Mpingo ulande ntchito ya boma. Boma ndilo limatolera misonkho, ndipo ndilo lokha lingasunge mabuku a dziko lonse mwa muyeso umodzi kwa zaka 100.

N'chifukwa chake makomiti a chilungamo ndi mtendere m'maparishi athu, pokumana ndi makhansala ndi aphungu, asamangofunsa za milatho ndi mijigo. Afunsenso kuti m'mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani muli malo angati oyezera madzi amene adawerengedwa sabata yatha. Kuti owerengawo adalandira liti malipiro awo omaliza, ndipo adachokera m'thumba la boma kapena la alendo. Kuti alangizi a nsomba a pa Kachulu, Mposa ndi Swang'oma ali ndi sikelo ndi mafuta a njinga. Kuti pali kugawana kotani kwa manambala ndi anzathu a ku Mozambique, kumene kumachokera madzi a Mnembo. Ndipo mvula ya chaka chino ikadzakata mu Epulo, apite kwa bwanamkubwa akapemphe nambala imodzi yokha: msinkhu wa madzi pa Kachulu, poyerekeza ndi wa Epulo wa 1994, wa 2011 ndi wa 2017.